Khosi la Mkwatibwi

Nanzi anayamba kutsamwa asanamalize kumera mano. Amake ankagawa chakudya, ana enawo n'kudya n'kutuluka, mbale n'kutsukidwa, iye akadali patebulo ndi kanyama kamodzi m'tsaya. Akati ameze, ankatambasula khosi ngati nkhuku ikumwa madzi, maso ali tuzu, kenako n'kukankhira ndi kapu yathunthu. Achimwene ake ndiwo anamutcha Nanzikambe chifukwa cha kuchedwako. Dzinalo linafupika, linamatirira, ndipo mayi womubereka naye anataya lake n'kukhala Amake Nanzi, ngakhale kwa makasitomala obwera kudzasoketsa zovala pakhonde pawo.

Mwanayo anakula bwinobwino, kadyedwe kokha ndiko sikanasinthe. Anakhala mphunzitsi wa ana oyamba kumene sukulu, aja oti ukayankhula motsitsa amakwera pamadesiki. Mawu anali nawo. Akaitana mwana ali kumapeto kwa bwalo, ankatembenuka ndi a kalasi ina omwe.

Kenako kunabwera chithokomiro. Chinayamba ngati kadzira ka njiwa m'munsi mwa khosi, cha kumanja, ndipo pamene mnyamata wina wa ku ofesi ya zamagetsi anamuveka mphete, chinali chitafika pa dzira la bakha. Amake anapita naye kuchipatala chachikulu, kumene anakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi. Dokotala wake anali mayi wa imvi, wosaseka. Atamva za kutsamwa kwa kuyambira paubwana, anati asangoyeza chotupa chokha, amulowetse mwanayo m'makina aja ojambula khosi ndi chifuwa chonse.

Tsiku lokamva zotsatira, dokotalayo anatembenuza kompyuta kuti aone. Amake sanaonepo chilichonse kupatula mitambo yotuwa, ndipo ananena choncho. Mayi wa imviyo anasiya kompyuta, n'kuika chala chake chozizira pakhosi pa Amake, n'kumajambula pakhungu. Anati mwa anthu ambiri mtsempha waukulu wa magazi wopita kudzanja lamanja umaphukira kumanja komweko, phata limodzi ndi wina wokwera kumutu. Wa Nanzi unaphukira kumanzere, wokhawokha, ndipo pofuna kukafika kudzanja lake unadutsa kuseri kwa mmero n'kumaupana. Kutsamwa kuja n'kumeneko. Zimenezo pazokha sizipha munthu, anatero, ambiri amakalamba nazo osadziwa. Choopsa chinali kamtsempha kena kowonda ngati ulusi, kamene kamayendetsa mawu. Mwa anthu ena kamatsikira pachifuwa, n'kukoleka pansi pa mtsempha waukulu uja, n'kukweranso mobisala m'mbali mwa kholingo, ndipo madokotala ochotsa chithokomiro amakafunafuna kumeneko kuti akapewe. Mwa Nanzi pokolekapo palibe, choncho kaulusiko kamangodula njira n'kupingasa pakhosi, pomwe mpeni umadutsa, kakuoneka ngati kamtsempha wamba koyenera kumanga n'kudula.

"Akadula kameneka, mawu adzasasa, ndipo zofuula aiwale," anatero. "Aliyense wobwera ndi mpeni pakhosi apa, mumuuze asanasambe m'manja. Mwamva, mayi?"

Anamva. Anabwereza mpaka dokotalayo anagwedeza mutu. Koma mzere wa opareshoni pachipatalapo unali wautali, ndipo ukwati unali utalengezedwa kale.

Kwa Amake nkhaniyo inali yaing'ono. Asoka diresi la kolala yaitali, ya lesi, chotupa chibisike, ukwati uchitike, opareshoni idzabwere nthawi yake ikakwana. Asewere awo, mayi a mnyamatayo, anakana. Iwo anali ataona kale diresi lina m'sitolo, lopanda mapewa, khosi lonse pamtunda, ndipo ankati zithunzi za ukwati zimakhala pakhoma mpaka zidzukulu. Anali mayi wa perefyumu wolowa munthu kukhosi, wokonda kufunsa za mtundu wa anthu ngati akusankha ng'ombe. Chibwenzi choyamba cha mwana wawo anachithetsa okha atamva kuti mlongo wa mtsikanayo amagwa khunyu, ndipo aliyense ankadziwa. Ndiye asewerewo anati asavutike, achimwene awo ndi dokotala wa opareshoni, wa manja odziwika, achotsa chotupacho msanga, chipsera chipola ukwati usanafike.

Nkhani inakambidwa pabalaza, Lamlungu atachoka kutchalitchi. Abambo a Nanzi anali asanavule tayi. Sankavula tayi pakakhala nkhani. Azakhali, mlongo wa bamboyo, anali atavula nsapato n'kusanja mapazi patebulo lagalasi limene Amake anapukuta m'mawa womwewo. Awiriwa anali atagwirizana kale m'galimoto: za mtsempha zisatchulidwe. Dokotala wa opareshoniyo ndi malume a mkwati, chimene angamve iye chikafika kwa mlongo wake dzuwa lisanalowe, ndipo mayi uja akangomva kuti mpongozi wake anapangidwa mokhota mkati, ukwati watha. Zithunzi zili m'kompyuta ya chipatala chinacho, palibe angazione. Bamboyo anawonjeza kuti munthu wochita kukaphunzira kunja, wong'amba makosi tsiku ndi tsiku, sangafunike kuuzidwa ntchito ndi telala. Akatsegula aona yekha.

Amake anafunsa ngati iwo anaonapo munthu akudula nsalu ya eni ake asanaitembenuze.

"Alamu, mbuzi ukamaigulitsa suyamba n'kunena kuti imatsokomola," anatero azakhali, akukanda chidendene.

"Ndiye mwana wanga wasanduka mbuzi."

"Ndi mwambi chabe."

"Chotsani mapaziwo patebulo."

Sanachotse. Koma chimene chinawanyansa kwambiri Amake si mapaziwo ndi ming'alu yake ayi. Anali Nanzi. Mwana wophunzira, amene anali m'chipinda muja dokotala wa imvi akufotokoza, anakhala pakona akuzunguza mphete pachala, ndipo bambo ake atamufunsa anati iye akugwirizana ndi azakhali. Pambuyo pake anawatsatira Amake kukhitchini, n'kuwagwira mkono wonyowa, n'kuwachonderera kuti asamuwonongere. Anati amalumewo anamuyeza kale, anamupaka mafuta aja pakhosi n'kuyendetsapo kachipangizo, chotupa anachiona, sananene kuti pali chachilendo. Amake anati anaona chimene ankafunafuna, basi. Anafunsa ngati ana aja adzawaphunzitsa ndi manja akadzalowa m'kalasi ndi mawu a bakha. Nanzi anati mwina sizichitika. Amake anachotsa mkono wawo n'kupitiriza kukwecha poto.

Sabata imeneyo m'nyumba munali ngati mwafera khoswe: aliyense akumva fungo, wonena palibe. Abambo ankadutsa pakhonde n'kutsokomola pafupi ndi makina osokera, n'kunena kuti mkazi wanzeru amamanga nyumba. Amake ankangopalasa makina, zipi za eni ake zikuwadikira.

Chipatala cha amalume chinali cha matailosi owala ndi makatani a maluwa, koma fungo linali lomwelo la zipatala zonse, mankhwala okolopera pamwamba, mkodzo pansi. Nanzi anagonekedwa atavala mkanjo wotsegula kumsana, asanalawe kanthu chidyere dzulo. Azakhali analanda mpando umodzi wokha umene unalipo, n'kutsegula kontena ya nkhuku yokazinga, n'kumadya pamaso pa munthu wosala, mafuta akutsikira kuchigongono, mafupa akusanja pakabati ya mankhwala. Kuseri kwa katani mayi wina ankakhosomola n'kulavulira m'chitini, ndipo chitinicho chinkalira. Asewere anafika ndi maluwa m'botolo lagalasi lochokera kunyumba kwawo, anapsompsona mpweya pafupi ndi tsaya la Nanzi, n'kuyamba kufotokoza za mkanda umene mkwatibwi adzavale. Mkwati anali kuntchito, akuti abwera masana.

Dokotala analowa ndi namwino. Anali bambo wamfupi, wadazi, wansangala, wonunkhira sopo. Anamuitana Nanzi kuti mpongozi, anamuweramitsa mutu kuti apeze khwinya la khosi, n'kujambulapo mzere ndi cholembera chabuluu. Anati chipsera chidzabisala m'khwinyamo, ngakhale wojambula zithunzi sadzachipeza. Onse anaseka. Kenako anafunsa mafunso a masiku onse, mothamanga, ngati munthu wowerenga pemphero loloweza: mankhwala amene amadana nawo, matenda a mtima, vuto pomeza.

Nanzi anati ayi.

"Ameneyu amadya ngati msilikali," anatero abambo ake, akukonza tayi.

Amake anayang'ana mzere wabuluu uja. Unali wowongoka bwino, ngati choko pansalu, kuchokera kumanzere kukafika kumanja kumene kunali chotupa. Choko chikadutsa chotsatira ndi sizasi, ndipo sizasi sibwerera m'mbuyo. Mawu okongola analibe, anali atatopa, ndiye anangonena.

"Akunama onsewa, adokotala. Mwanayu watsamwa moyo wake wonse. Anamujambula kuchipatala chachikulu. Mtsempha wa dzanja lamanja unamera kumanzere, umadutsa kuseri kwa mmero. Kamtsempha ka mawu sikali kumene mumakapeza. Anati ndikuuzeni musanasambe m'manja, ndiye ndakuuzani."

Azakhali anasiya kutafuna. Ngakhale wa kuseri kwa katani anadikira kaye. Dokotala anatseka cholembera chake pang'onopang'ono, n'kufunsa Nanzi ngati n'zoona. Nanzi anayang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu, n'kugwedeza mutu. Dokotala anafunsa kuti anamuona ndani. Amake anatchula imvi ndi kusaseka, iye n'kuti akumudziwa. Anauza namwino kuti lero opareshoni kulibe, amuimbire dokotala wa imviyo atumize zithunzi, ndipo wodwalayo apatsidwe tiyi. Atatero anatembenukira kwa bamboyo.

"Mumafuna ndimudule mawu mwana wanu ndi dzanja langali, kenako ndidzakhale nanu tebulo limodzi paukwati?"

Abambo a Nanzi anayamba kufotokoza kuti iwo monga banja anali ndi chikhulupiriro chonse mu ukatswiri wa adokotala. Dokotala anawadula. Anati kamtsempha kaja mwina akanakaona, mwina ayi. Chotupa chachikulu chimakankha zinthu pamalo ake, magazi amaphimba, ndipo dzanja lozolowera limathamanga kuposa maso.

Amake anaganiza kuti mwina m'chipindamo muli munthu mmodzi wa mutu. Maganizowo sanakhalitse. Pofika masana zithunzi zinali zitabwera, ndipo dokotala anabwerera nkhope ikuwala ngati mwana amene wagulidwa mpira, gulu la ophunzira udokotala lili pambuyo. Anati zimenezi iye ankangoziwerenga m'mabuku, munthu amatha kupuma pantchito osakumana nazo. Anazungulira bedi onsewo. Uyu kugwira dzanja lamanja, uyo lamanzere, wina kupapasa khosi ndi zala za inki. Anamupatsa buledi kuti ameze iwo akuonerera, ndipo Nanzi anatambasula khosi monga mwa masiku onse, maso ali tuzu, mkanjo utatseguka kumsana. Wina wa kumbuyo anapempha kuti amezenso, sanaone bwino. Palibe amene anamufunsa kuti akumva bwanji. Amake anakankha awiri ndi chigongono, anamufunditsa mwana wawo shiti, n'kuwauza kuti zoonerera zatha, akafune kwina.

Nthawi yonseyo asewere anali chiimire pawindo, chikwama chili m'khwapa. Funso lawo linali limodzi.

"Achimwene, zimenezi zimapita kwa ana?"

Dokotala anati si matenda, ndi kamangidwe chabe ka thupi, ngati kukhala wamanzere. Anati iye sanganene kuti zidzapita kwa ana kapena ayi, ndipo ngakhale zitapita, mwana amakula bwinobwino monga akuonera. Asewere anagwedeza mutu ngati amva zonse, koma Amake anaona kuti pa mawu onsewo atolapo oti "sanganene" okhawo. Asewerewo anati akuthamangira kwa wophika keke. Potuluka ananyamula botolo lawo, maluwa n'kuwasiya ali gone pakabati, pambali pa mafupa a nkhuku.

Pakhonde la chipatala azakhali anawapeza Amake.

"Pakamwa panu, alamu, ndi chitseko cha chimbudzi cha pa depoti. Sichitsekeka."

"Pukutani mafuta pachibwanopo."

Kunyumba abambo anayamba kuyankhula ndi khoma. Ankaima pabalaza n'kunena kuti wina auze mayi wa m'nyumba muno kuti malaya oyera sanasitidwe, chonsecho m'nyumbamo munali anthu awiri okha. Nanzi anatsalira kuchipatala, ndipo Amake akabwera ndi fulasiki ankatembenukira kukhoma. Mkwati anafika kamodzi, anaima kumapazi kwa bedi foni ili m'manja, anafunsa ngati chakudya cha pachipatalapo n'chabwino, n'kupita.

Tsiku la opareshoni pabenchi panali Amake okha. Abambo anabwera ndi tayi yawo, anaona kuti asewere kulibe, n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano. Amake anakhala akuyang'ana chitseko, miyendo itatupa, akuganiza za madiresi a eni ake amene anawasiya pamakina. Opareshoni inatenga nthawi yaitali kuposa mmene anawauzira.

Dokotala anatuluka chipewa chili m'manja, dazi lili thukuta, foni ili patsogolo. Asanafunsidwe anawaonetsa. Panali nyama yofiira yokokedwa ndi zitsulo mbali zonse, ndipo pakati pake kaulusi koyera katapingasa. Anati n'kameneka, kali pomwe mayi wa imvi uja ananena, ndipo kakufanana ndendende ndi timitsempha timene iye amamanga n'kudula tsiku lililonse osaganiza kawiri. Ankafuna kukuza chithunzicho ndi zala. Amake anakankhira foniyo kumbali. Limenelo linali khosi la mwana wawo, lotumbulidwa ngati nkhuku, losungidwa m'foni momwemo muli zithunzi za maphwando a eni ake. Anangofunsa ngati wakasiya. Anati wakasiya, koma zenizeni azimva akadzuka, chifukwa nthawi zina kungokakoka pang'ono kamanyanyala.

Nanzi anadzuka n'kuyamba ndi kusanza. Amake anagwira beseni ndi dzanja limodzi, chipumi ndi linalo, akuopa kuti ulusi wa pakhosi ungaphwasuke. Pansi pa bandeji panatuluka kapaipi kopita m'kabotolo, ndipo m'kabotolomo munkadontha madzi amagazi. Anamupukuta pakamwa, anamupukuta tsitsi, n'kumufunsa ngati akuwamva. Nanzi anayendetsa maso m'chipindamo. Pampando panalibe munthu, pakabati panalibe duwa. Anatambasula dzanja, ndipo Amake anamupatsa foni yake. Sanabise, chifukwa kubisa ndiko kunawafikitsa pamenepa. Uthenga wa mkwati unali waufupi. Amake anauona ali chiimire: amayi akuti ukwati udikire kaye mpaka achire bwinobwino, akambirana.

Nanzi anaika foni pachifuwa n'kutseka maso.

Namwino anabwera, anamupempha kuti atchule dzina lake. Nanzi anapukusa mutu pang'ono. Namwino anati ena amachita mantha ndi bala, amuyankhulitse ndithu, adokotala ali ndi wodwala wina. Amake anakhala pampando uja, beseni lili pamapazi. Anamufunsa ngati akufuna madzi. Zii. Anamufunsa ngati pakupweteka. Zii. Sankadziwa ngati ndi kaulusi kaja kapena ndi mwano. Anayang'ana milomo yosweka ya mwana wawo, anakumbukira bwalo la sukulu, ana akutembenuka. Kunyengerera sankakudziwa, ndipo sanafune kuyamba kuphunzira tsiku limenelo.

"Diresi lija linali lonyansa ndithu," anatero. "Ndipo mwamuna woti amayi ake amamutafunira chakudya, bola kutsamwa wekha."

Maso a Nanzi anatseguka.

"Mwandiwonongera ukwati, amayi. Mwasangalala? Tulukani muno."

Mawuwo anatuluka okhakhala pang'ono, monga a munthu amene wagona ndi paipi kukhosi, koma anali athunthu, a m'kalasi enieni. Wa kuseri kwa katani anasiya chitini chake.

"Wati bwanji? Sindinamve."

"Ndati tulukani!"

Namwino anasuzumira pakhomo kuchokera kumapeto kwa khonde, n'kufunsa amene akufuula m'wodi. Amake analoza ndi chibwano. Namwinoyo anati ndiye zili bwino, akawauza adokotala, koma asapitirize, bala likadali laliwisi.

Amake anatola beseni n'kutuluka nalo, monga anauzidwira. Kochapira kunali kumapeto, kuseri kwa zimbudzi, ndipo mpopi wake unkatulutsa madzi ngati ukuumira. Anakhuthula, anatsuka, anatsukanso, fungo osachoka m'manja. Atapukutira m'siketi anatulutsa foni n'kuimbira amuna awo. Bamboyo anaiyankha.

"Wina auze bambo wa m'nyumba ija," anatero Amake, "kuti mwana wake akulalata bwinobwino. Ndipo malaya oyera asite yekha, ine ndigona kuno."

Anadula foni, ananyamula beseni, n'kubwerera kuwodi, chifukwa munthu wa opareshoni sasanza kamodzi.